Momwe mungasinthire ndalama musanakwere ndege yopita kunja

Anthu ambiri akamakonzekera ulendo wakunja amatanganidwa ndi pasipoti, visa, tikiti ndi zovala. Za ndalama amadzakumbukira usiku womaliza, chikwama chitatsekedwa kale, n'kungoti "tikasintha pa bwalo la ndege". Pamenepo ndi pomwe ndalama zimayambira kutha ulendo usanayambe n'komwe. Kusintha ndalama n'kugula katundu ngati wina aliyense: pali mtengo, pali phindu la wogulitsa, palinso katundu wabwino ndi woipa. Chovuta n'chakuti phindu la wogulitsayo nthawi zambiri sililembedwa poyera, limabisala mu reti, mtengo wosinthira ndalamawo.

Choyamba, dziwani ndalama imene ikuyenda komwe mukupita

Izi zikumveka ngati zachibwana, koma ambiri amagwa pomwepa. Wina akamva zoti akupita ku Ulaya amathamangira kukagula mayuro, osadziwa kuti si dziko lililonse kumeneko limagwiritsa ntchito yuro. Ku Poland kuli złoty, ku Hungary forint, ku Czechia koruna, ku Sweden krona, ku Denmark krone, ku Switzerland franc, ndipo ku Britain ndi paundi. Croatia inalowa mu yuro mu 2023, choncho amene anasunga ma kuna (ndalama yakale ya dzikolo) a ulendo wakale asayembekeze kugulira kanthu m'sitolo.

Lembani penapake chidule cha zilembo zitatu cha ndalamayo, chifukwa ndi chimene mudzachione pa bolodi: USD ndi dola ya ku America, EUR ndi yuro, GBP paundi, JPY yen ya ku Japan, AED dirham ya ku United Arab Emirates. Dzina lokha lakuti "dola" lingakusocheretseni, poti Canada, Australia, Singapore ndi Hong Kong nawonso ali ndi madola awo, ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

Fufuzaninso ngati ndalamayo imagulika muli kunja kwa dzikolo. Dinar ya ku Tunisia siloledwa kulowa kapena kutuluka m'dzikolo, ndipo Morocco ndi India ali ndi malamulo okhwima pa kanyamulidwe ka ndalama zawo. Mukamapita kumayiko otere, nyamulani madola, mayuro kapena mapaundi, mukasinthe mukafika.

Chachiwiri, werengerani zimene zikufunika kukhala m'manja

Simukuyenera kusintha ndalama za ulendo wonse. Lembani zimene mudzalipire pa masiku awiri kapena atatu oyamba: mayendedwe ochokera pa bwalo la ndege, chakudya, khadi ya foni, ndi visa ngati ndi yolipirira pofika. Visa yotere nthawi zambiri imafuna ndalama zapepala, kawirikawiri madola, ndipo pawindo sakonda kupereka chenji. Onjezerani kenakake ka mwadzidzidzi, monga ndege ikachedwa mpaka kugona panjira.

Zotsalazo zidalira dzikolo. Ku Sweden kuli masitolo ndi malo odyera amene salandiranso ndalama zapepala, amangofuna khadi. Ku Germany ndi ku Japan mukhoza kupeza malo ang'onoang'ono okana khadi. Ku China anthu ambiri amalipira pa foni kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay, ndipo ndi bwino kukonzeratu zimenezi musananyamuke.

Chachitatu, phunzirani kuwerenga reti

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama iliyonse ili ndi reti yapakati, imene mabanki akuluakulu amagulitsirana okhaokha. Ndi imene mumaiona mukafufuza pa Google kapena pa tsamba la mareti lotchedwa XE. Reti imeneyi munthu wamba saipeza pa kauntala, koma ndiyo muyeso wanu. Popanda iyo simungadziwe ngati akukudyerani kapena ayi.

Pa bolodi la malo osinthira ndalama pamakhala manambala awiri pa ndalama iliyonse. Pamwamba pa mzere wina pamalembedwa "Buy", pa winawo "Sell". Mawu amenewa amanena za iwowo, eni malowo, osati inu. "Buy" ndi mtengo umene iwo amagulira ndalama yakunja kwa inu, ndipo ndi wotsika. "Sell" ndi mtengo umene amakugulitsirani, ndipo ndi wokwera. Mpata umene uli pakati pa manambala awiriwa ndiye phindu lawo. Mpatawo ukakhala waukulu, dziwani kuti malowo ndi odula, ngakhale alembe chotani pa chitseko.

Chikwangwani chakuti "palibe komishoni" chisakukopeni. Tiyerekeze ndi dirham, poti reti yake simasinthasintha: kuyambira mu 1997 boma la United Arab Emirates linaimangirira pa 3.6725 pa dola imodzi. Madola 1,000 pa reti yapakati angabale ma dirham pafupifupi 3,672. Ndiye tinene kuti malo ena akuti sadula komishoni koma akupereka 3.45. Mutenga 3,450. Malo ena akudula ma dirham 25 koma reti yawo ndi 3.63. Mutenga 3,605. Amene amaoneka ngati aulere aja akudyerani ma dirham 155 kuposa enawo, omwe ndi madola opitirira 40, ndipo inu mutuluka mukuthokoza.

Choncho funso lofunsa ndi limodzi basi: "Ndikakupatsani ndalama zakuti, m'manja mwanga mulowa zingati zonse mutachotsa?" Funsani malo atatu, muyerekeze mayankho. Musachite manyazi kutulutsa foni n'kuwerengetsa pamaso pawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mukusintha ndalama zochuluka, funsaninso ngati angakonzeko reti. Malo ambiri amavomera, koma sayamba okha kukuuzani.

Chinanso chodya ndalama mwakachetechete ndi kusintha kawiri. Mukagula madola kwanu kenako n'kukawasintha kukhala ma yen ku Tokyo, mwalipira mpata uja kawiri. Nthawi zina n'zosapeweka, makamaka ngati yen sikupezeka komwe muli. Koma ngati ikupezeka, werengetsani njira zonse ziwiri musanasankhe.

Chachinayi, sankhani malo ndi nthawi

Malo ovomerezeka ndi awiri: banki, kapena malo osinthira ndalama okhala ndi chiphaso cha boma. Yambani kufunsa patatsala sabata ziwiri kapena zitatu. Madola ndi mayuro amapezeka msanga, koma ndalama zina banki imachita kuitanitsa ndipo zimatenga masiku. M'mayiko amene boma limayang'anira kagulitsidwe ka ndalama zakunja, mudzafunsidwa pasipoti, tikiti ya ndege, nthawi zina ndi visa, ndipo pamakhala malire a ndalama zimene munthu mmodzi angagule pa ulendo umodzi. Imbirani foni kubanki kwanu mufunse mapepala ofunika, kuti musayende kawiri.

Pa bwalo la ndege ndi pa hotelo reti imakhala yoipa pafupifupi kulikonse, chifukwa amadziwa kuti mulibe kothawira. Ngati mwakakamizika, sinthani zongokwanira kufika m'tauni.

Za anthu osintha ndalama m'misewu, ine ndimati asiyeni. Reti yawo imakoma kumva, inde. Koma m'mayiko ambiri ndi mlandu, sapereka risiti, ndipo ndi kumene kumachokera ndalama zachinyengo. Ena ali ndi dzanja lopepuka: amawerenga bwinobwino pamaso panu, koma pokupatsani mtolo mapepala angapo amakhala atabwerera m'chikhatho mwawo.

Musadzivutenso ndi kulosera kuti reti idzatsika liti. Ngakhale akatswiri amaphonya. Ngati ndalamazo n'zambiri ndipo mtima sukukhazikika, sinthani theka lero, theka lina sabata yamawa.

Chachisanu, musachoke pa kauntala musanayang'ane pepala lililonse

Anthu amadumpha gawo ili, pomwe ndi limene limaliritsa kwambiri ukafika kwa eni. Ndalama ikhoza kukhala yeniyeni koma osagwira ntchito.

Tiyambe ndi dola. Ku America komweko, madola akale amagwirabe ntchito. Koma m'mayiko ambiri a ku Africa ndi ku Asia, mabanki ndi malo osinthira amakana madola akale, kapena amawagula motchipa. Pepala la madola 100 la masiku ano, lokhala ndi kamzere ka buluu pakati, linayamba kutuluka mu Okutobala 2013. Pemphani limenelo. Pa mapepala enawo yang'anani chaka cholembedwa pambali pa mawu akuti "Series", musankhe atsopano. Kanani pepala long'ambika, lolembedwa ndi cholembera, lodindidwa sitampa kapena lothimbirira. Amene akukupatsaniyo adzanena kuti palibe vuto, koma si iye adzakhale ataima pawindo ku Nairobi kapena ku Bangkok pepalalo likubwezedwa.

Paundi nayo ili ndi nkhani yake. Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, inasiya kuvomereza m'masitolo mapaundi 20 ndi 50 apepala pa 30 Sepitembala 2022. Amene akuyenda tsopano ndi a pulasitiki. A chithunzi cha Mfumu Charles III anayamba mu Juni 2024, ndipo a pulasitiki a chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth II akugwirabe ntchito. Mapaundi osindikizidwa ndi mabanki a ku Scotland ndi ovomerezeka kwawoko, koma amavuta kusintha kunja kwa Britain, ndiye musawalandire ngati mungathe.

Pa yuro, pewani pepala la 500. Linasiya kutulutsidwa mu 2019, ndipo ngakhale likadali ndalama yovomerezeka, masitolo ambiri salilandira. Ngakhale la 200 limavuta pogula zinthu zazing'ono. Ku Switzerland mapepala akale a franc, a m'ndandanda wachisanu ndi chitatu, anachotsedwa pa 30 Epulo 2021, ndipo tsopano amangosinthidwa ku banki yaikulu ya dzikolo. India inathetsa mwadzidzidzi mapepala akale a ma rupee 500 ndi 1,000 pa 8 Novembala 2016. N'chifukwa chake ndalama zimene wachibale wakupatsani kuti "zinanditsalira ulendo uja" muyenera kuzifufuza kaye pa tsamba la pa intaneti la banki yaikulu ya dziko lake.

Pemphani mapepala osakaniza. Akuluakulu, monga madola 50 ndi 100, amapeza reti yabwinopo m'malo ambiri mukamakasinthanso. Ang'onoang'ono ndi othandiza pa takisi ndi pa chakudya. Werengani kawiri muli pomwepo, kenako tengani risiti muisunge pamodzi ndi pasipoti. Ndi umboni wa kumene ndalamazo zachokera, ndipo m'mayiko ena amaifuna mukamabweza zotsala.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani malire a pa chipata

Kunyamula ndalama zambiri si mlandu m'mayiko ambiri, koma kubisa ndiye mlandu. Polowa kapena potuluka ku America, ndalama zopitirira madola 10,000 ziyenera kulembetsedwa pa fomu yotchedwa FinCEN 105, ndipo banja loyendera limodzi amaliwerengera pamodzi, osati aliyense payekha. M'mayiko a European Union malire ndi mayuro 10,000. Ku Britain ndi mapaundi 10,000, ku Canada ndi ku Australia ndi 10,000 m'madola awo, pomwe ku Japan ndi ma yen 1 miliyoni. Amaphatikiza ndalama zonse zimene muli nazo, za mayiko osiyanasiyana. Kulembetsa n'kwaulere, koma mukabisa n'kugwidwa akhoza kulanda ndalamazo n'kukulipiritsaninso chindapusa. Dziko limene mukuchokera lingakhalenso ndi malire ake a ndalama zotuluka nazo, ndiye funsani mbali zonse ziwiri.

Ponyamula, gawani ndalamazo m'malo awiri kapena atatu pathupi panu ndi m'chikwama cha m'manja. M'chikwama chopita kunsi kwa ndege musaikemo ngakhale pepala limodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, konzani khadi lanu

Pitani kubanki mukafunse ngati khadi lanu la Visa kapena Mastercard ndi lotsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, ndi ndalama zingati zimene amadula pogula kapena potapa pa ATM, komanso malire a pa tsiku. Auzeni masiku a ulendo wanu, poti mabanki ena amatseka khadi akaona likugwiritsidwa ntchito kudziko lachilendo. Ngati banki imakutumizirani nambala yachinsinsi pa foni musanalipire, onetsetsani kuti uthengawo uzikupezani muli kunja. Ndi bwino kukhala ndi makhadi awiri osungidwa malo osiyana. Khadi la ngongole musatapire ndalama pa ATM pokhapokha zitavuta, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo.

Mukafika, makina a ATM kapena olipirira m'sitolo nthawi zina adzakufunsani ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya dziko lanu kapena ya dziko limene muliko. Ya kwanu imakopa chifukwa nambala yake mukuidziwa. Musaisankhe. Mukatero, amene akusintha ndalamayo ndi kampani ya makinawo, pa reti yawoyawo yodula. Sankhani ndalama ya dziko limene mwaimamo, banki yanu ndi kampani ya khadi ndizo zisinthe. Ndipo popeza ma ATM ambiri amadula ndalama yokhazikika pa kutapa kulikonse, tapani kamodzi zokwanira masiku angapo kusiyana n'kumapitako tsiku ndi tsiku.

Zotsala pobwerera

Ndalama zachitsulo palibe amene adzakusinthireni mukatuluka m'dzikolo, ndiye zigwiritseni ntchito tsiku lomaliza. Pa hotelo mukhoza kupereka zapepala ndi zachitsulo zonse zotsala, n'kumalizitsa ndi khadi. Ndalama zosaloledwa kutuluka, monga dinar ya ku Tunisia ija, zisintheni musanadutse pa chipata, risiti ili m'manja. Madola ndi mayuro otsala mukhoza kusungira ulendo wina ngati malamulo a kwanu akulola, koma funsani kubanki, chifukwa mayiko ena amafuna kuti muwagulitse pasanathe masiku amene anaika.