Pepala la magazi a mphaka wodwala, tiliwerenge bwanji?

Alimi anzanga amene mumasunga mphaka kuti azikulonderani nkhokwe ku makoswe, kaya muli ku Ulongwe, ku Tsangano kaya mu tauni ku Tete konkuno, nkhani iyi ndi yanu. Mphaka akatengedwa magazi veterinário, dokotala wa ziweto, amakupatsani pepala lodzaza manambala, lachipwitikizi lokhalokha, ndiye ambiri diso limathamangira pomwe pali kanyenyezi kosonyeza nambala yotuluka m'malire basi mtima wayamba kale kugunda. Musayambire pamenepo. Nambala imodzi payokha sinena matenda, muiwerenge pamodzi ndi zinzake, ndipo kuno kwathu kotentha funso loyamba ndi lakuti mphakayo anali ndi madzi okwanira m'thupi tsiku lomwe amamutenga magazi?

Yambani ndi mzere wa hematócrito, uwu ukunena kuchuluka kwa magazi ofiira. Mphaka wabwinobwino amakhala pakati pa 30 ndi 45 pa 100 aliwonse, ma laboratório amasiyana pang'ono ndiye onani malire omwe alemba pambali. Ikatsika pansi pa 20 magazi achepa kwambiri, mukatukula mlomo nkhama zimakhala zotuwa, ikafika cha ku 15 apo n'zothamanga nazo. Zochepetsa magazi n'zambiri, nthata zimayamwa tiana ta mphaka mpaka kufooka, kulinso kachilombo kotchedwa Mycoplasma haemofelis komwe kamamatirira ma selo ofiira n'kuwaphwanyitsa, komanso mankhwala a makoswe aja timathira ku nkhokwe, mphaka akadya makoswe ofa nawo magazi amatha kutayikira mkati osaoneka. Ndipo ndiwo zotsala zokazingira anyezi ndi adyo musamamupatse, zimaononga magazi ofiira a mphaka.

Koma msampha uli apa. Mphaka wosanza kapena wotsegula m'mimba, osamwa madzi, magazi ake amalimba ngati phala lomwe laphwa pamoto, ndiye hematócrito imakwera n'kuoneka yabwino pomwe magazi ndi ochepa ndithu. N'chifukwa chake muyang'anenso proteínas totais, kuchuluka kwa mapuloteni m'magazi, ikapitirira 8 g/dL kawirikawiri ndi kuuma madzi komweko. Inunso mutha kuona nokha, tsinani chikopa cha pamsana cha ku mapewa muchisiye, chikachedwa kubwerera madzi achepa.

Pa impso ndi pomwe anthu amataya mtima msanga. Creatinina ndi ureia ndi zinyalala zomwe impso zimayenera kutulutsa mu mkodzo, creatinina ikadutsa 1.6 mg/dL madokotala amayamba kutchera khutu, ikadutsa 5 zafika poipa. Komatu Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi ku Moatize dzuwa limapitirira madigiri 40, mphaka wongouma madzi manambala awiriwa amakwera impso zili bwinobwino. Ineyo sindivomera kuti mphaka wagamulidwa kuti impso zatha mkodzo usanayezedwe. Mkodzo wolimba wachikasu kwambiri ndiye kuti impso zikugwira ntchito, vuto ndi madzi, koma ukakhala wamadzimadzi creatinina ili m'mwamba pamenepo impso zavutadi. Pemphani amuike dilipi kenako ayezenso. Dziwaninso kuti creatinina imachedwa kukwera, imadikira mpaka magawo atatu mwa anayi a impso atafooka, ndiye mphaka wokalamba amene akumwa madzi kwambiri ndi kuonda musamati ali bwino chifukwa choti nambala ili m'malire. Ndipo wamphongo amene akungodzikakamiza kukodza mkodzo osatuluka, ameneyo musadikire pepala lililonse, njira yatsekeka ndipo zimapha m'masiku ochepa.

Glicose ndi shuga. Mphaka amene wayenda ulendo mu chapa kapena pa njinga yamoto ali m'katoni, mantha okha amakweza shuga, ndiye musathamangire kunena kuti ali ndi matenda a shuga. Kuyeza kotchedwa frutosamina ndi komwe kumaonetsa m'mene shuga wakhalira pa sabata ziwiri zapitazo.

ALT ndi bilirrubina ndi za chiwindi, bilirrubina ikakwera maso ndi mkati mwa makutu mumachita chikasu. Mphaka wonenepa akangokhala masiku angapo osadya chiwindi chimadzaza mafuta, ndiye zoti musiyeni adya akamva njala kwa mphaka sizigwira. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi abale anga, paracetamol kapena panado kwa mphaka ndi poizoni, m'bulu umodzi wokha umatha kumupha, nkhama zimada nkhope kutupa. Ngati munamupatsa kale nenani, musachite manyazi, dokotala awerenga pepalalo mosiyana akadziwa.

Leucócitos ndi asilikali a m'thupi, akachuluka mwina pali chotupa cha mafinya, makamaka amphongo omenyana usiku aja, akachepa kwambiri mwa kamwana ka mphaka kosanza n'zoopsa kuposa kuchuluka. Eosinófilos, mtundu umodzi wa asilikali omwewa, akakwera ganizani njoka za m'mimba ndi nthata. Plaquetas za mphaka, zomwe zimathandiza magazi kuundana pa bala, zimakonda kugundana m'botolo makina n'kuwerenga zochepa zabodza, pemphani aone pa maikulosikopu. FIV ndi FeLV, tizilombo tofooketsa chitetezo cha m'thupi, zili ndi kuyeza kwake kwapadera, ndipo ndi matenda a amphaka okhaokha, anthu sawatenga.

Popita kokayezetsa chakudya mumuchotsere usiku wake ngati dokotala wanena choncho koma madzi ayi, tenganinso botolo la mankhwala aliwonse omwe ali pakhomo, ndi pepala lakale ngati lilipo.

Chiwewe sichioneka pa pepala ili. Mphaka akasintha khalidwe, akuchucha dovu, akuluma anthu, musamugwire n'cholinga choti mukamutengetse magazi, mutsekereni ndipo dziwitsani a ziweto ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto ya boma lanu. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite ku chipatala tsiku lomwelo.