Mukamafufuza mbiri ya agogo, musayambe ndi dzina la bambo

Ndinataya miyezi ingapo ndikufunafuna agogo anga aamuna ndi dzina lomwe timalemba kusukulu. Kenako ndinazindikira kuti limenelo linali dzina lawo loyamba chabe, ana awo ndiwo analisandutsa la banja lonse.

Pitani kwa gogo wamkulu wa kuchikazi, popeza kwa ife Achewa mbumba imadziwika kudzera kwa amayi. Mufunseni mayina onse a munthu amene mukumufufuzayo: la ubwana, lomwe anapatsidwa kuchinamwali, la ubatizo, komanso mfunda wake, kaya Phiri, Banda kapena Mwale. Funsaninso mudzi, nyakwawa ndi mpingo. Jambulani mawu pafoni, osadalira mutu. Nthawi yabwino ndi pa chiliza, pamene akuluakulu asonkhana ndipo amakumbutsana okha.

Mabuku a ubatizo a kumishoni, monga ku Nkhoma kapena ku Mua, amalemba dzina lachikhristu ndi mudzi. Ena mwa amene anapita ku Joni chisanafike 1974 kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi, analembetsa dzina linanso. Mukakhala ndi mayina onsewa m'manja, ulendo wa ku National Archives ku Zomba, komwe boma limasunga zolembedwa zakale, supita pachabe.