Kutchera taimingi pa ka Honda C70 ka ma pointi

Ngati kanjinga kanu kamoto ka C70 ndi kakale kaja ka ma pointi (tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka kuti pulagi ipereke moto), osati ka CDI (kabokosi ka magetsi kogwira ntchitoyo popanda ma pointi), ndipo kakuvuta kulira kapena kakumabweza kiki mpaka kukupwetekani mwendo, musathamangire kabuleta, yambani mwaona taimingi, nthawi yomwe pulagi imapereka moto.

Chotsani pulagi kuti injini izizungulira mofewa kenako tsegulani kavala ya kumanzere muone flywheel, chitsulo chozungulira chija. Pamenepo pali zilembo ziwiri, T ndi F, ife tikufuna F, chosonyeza pomwe moto uyenera kutuluka. Ma pointi ali mkati, mumawaona pa zibowo za flywheel yo, akakhala akuda apaleni kaye ndi sandipepa yosalala.

Panitsani kapepala kopyapyala kopichirira fodya kaja pakati pa ma pointi, muzizungulitsa flywheel pang'onopang'ono komwe imalowera injini ikamalira uku mukukoka kapepalako, ndiye pomwe kangoyamba kusololoka F ikhale italunjika ndendende kachizindikiro ka pa crankcase. Kakasololoka F isanafike ndiye kuti moto ukufulumira, masulani sikuluu yogwira ma pointi muchepetse gap, kampata ka pakati pa ma pointi akatsegukiratu. Kakachedwa ikulitseni.

Gap ikhale pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm, ikakana kugwirizana ndi F ma pointiwo atha basi, gulani ena. Mukamanga sikuluu yesaninso, gap imakonda kusuntha pomangapo.