Kusintha klatchi yotha pa sports car yakale

Achimwene, ngati injini ikulira koma galimoto siikuthamanga, nthawi zambiri ndiye kuti klatchi yatha. Chotsani kaye waya wa batire, muyikweze pa ma stand, osadalira jeke yokha chonde. Kenako masulani propshaft (chitsulo chachitali chotumiza mphamvu ku matayala akumbuyo), sitata, slave cylinder (kasilinda kokankha klatchi mukaponda pedulo) ndi ndodo ya magiya, giyabokosi muyichirikize ndi jeke musanamasule mabawuti a bell housing (chikuto cha klatchi cholumikiza giyabokosi ku injini) chifukwa ndi yolemera zedi. Pressure plate (chimbale chopanikiza klatchi) muzimasula pang'onopang'ono modumphitsa mabawuti. Flywheel (chimbale cholemera cha kumbuyo kwa injini pomwe klatchi imagwira) muyiyang'ane bwino, ikakhala ndi timing'alu kapena mawanga abuluu akupsa ikapalidwe. Sinthani zonse limodzi, plate ya klatchi, pressure plate, release bearing (yokankha pressure plate) ndi pilot bearing (ya pakati pa flywheel), ineyo sindibwezera bearing yakale ngakhale ikuoneka bwino. Pomanga gwiritsani alignment tool (kachida koika plate pakati penipeni) apo ayi giyabokosi ikana kulowa. Mukamaliza chotsani mpweya mu hydraulic (paipi ya mafuta a klatchi).