Ziweto zadya munda kapena malire asuntha: momwe mungathetsere mkangano ndi aneba

Milandu ya pakati pa anansi kuno kum'mawa kwa Zambia imayenda ndi nyengo. Novembala ndi Disembala, mapulawo akalowa m'munda, anthu amakanganirana malire. Kuyambira Januwale mpaka Epulo nkhani imakhala ya ng'ombe ndi mbuzi m'chimanga, ndipo chilimwe chikafika ndi nkhumba m'madimba komanso moto wa anyamata osaka mbewa. M'makomboni a Chipata monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine, zoyambanitsa anthu ndi mpanda, chimbudzi, madzi otsukira mbale ndi agalu. Ambiri amene amaluza milandu yotere amakhala kuti analakwiridwadi, koma anauwononga okha mlandu pa ola loyamba, mtima uli m'mwamba.

Choyamba: ziweto zikapezeka m'munda, musazikhudze ndi nkhwangwa

Kutema ng'ombe, kuthyola mbuzi mwendo kapena kuthirira nkhumba mankhwala ndi mlandu wa kupolisi. Mukatero, inu amene munali odandaula mumasanduka oimbidwa mlandu, ndipo mtengo wa ng'ombe imodzi umaposa kutali chimanga chimene yadya. Zitulutseni m'munda, ndipo ngati simukudziwa mwini wake, zikuseni mupite nazo kwa a nyakwawa dzuwa lisanalowe. Kuzitsekera m'khola mwanu usiku wonse popanda kuuza aliyense n'koopsa, chifukwa mwini wake akhoza kukanena kuti mwaba, ndipo mlandu wakuba ng'ombe chilango chake n'cholemera.

Musanazitulutse, jambulani ndi foni ziweto zili m'munda momwemo, chizindikiro cha pakhutu kapena pathako chikuoneka. Jambulaninso mapazi, ndowe ndi pamene zinalowera. Itanani anthu awiri osakhala abale anu adzaone. Mboni ya mlamu wanu pabwalo imapepuka.

Chachiwiri: yezani chimene chawonongeka mwini ziweto ali pomwepo

Apa ndi pamene milandu yambiri imakakamira. Mwini munda amati zatha munda wonse, mwini ng'ombe amati zangolawa m'mbali. Yezani ndi chingwe kapena tepi. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Tiyerekeze kuti ng'ombe zadya malo a mamita 10 ndi 25: amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lima. Ngati lima yanu chaka chatha inatulutsa matumba 15 a makilogalamu 50, chimene mwataya ndi thumba limodzi ndi theka. Nambala yotere munthu aliyense pabwalo atha kuitsatira, ndipo wolipira savutika kuivomera.

Msinkhu wa chimanga nawo uli ndi kanthu. Chimanga chaching'ono, cha masamba osapitirira asanu, nthawi zambiri chimaphukanso chikadyedwa pamwamba, chifukwa mtima wake umakhala ukadali pansi pa nthaka. Pamenepo musathamangire kutchula malipiro. Gwirizanani kuti mudzaonenso munda pakapita milungu iwiri, ndipo mwina chofunika chidzangokhala feteleza wokuza nacho kapena mbewu yopachizira. Koma chimanga chimene chamasula ngayaye chikathyoledwa ndiye kuti chapita. Mukalephera kugwirizana, itanani alangizi a zaulimi a m'dera lanu adzayeze ndi kulemba. Chikalata chawo chimamveka kukhoti kuposa mawu a mbali iliyonse.

Funsaninso ngati amfumu analengeza kale tsiku lomasula ziweto. M'midzi yambiri, zokolola zikachoka m'minda, ziweto zimatayiriridwa kuti zidye mapesi. Amene wasiya mikukwe yake m'munda kupyola tsiku limenelo, kapena amene dimba lake lilibe mpanda m'chilimwe, mlandu wake umafooka.

Chachitatu: pitani nokha kwa aneba, koma osati tsiku la mkwiyo

Musatume mwana, musalankhulire pa mpanda, ndipo musayambire pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la m'dera. Pitani m'mawa kapena madzulo anthu asanamwe, odini, khalani pansi, perekani moni wonse. Kenaka nenani chimene chachitika ndi chimene mukufuna: "Aneba, ng'ombe zanu zinalowa m'munda mwanga dzulo masana. Ndati tipitire limodzi mukaone ndi maso anu, tione momwe tingathandizirane." Mawu akuti "nthawi zonse inu" asiyeni kunyumba, chifukwa amadzutsa milandu yakale ya makolo.

Mukagwirizana, lembani papepala: tsiku, chimene chawonongeka, malipiro, ndi tsiku lopereka. Nonse musayine kapena kudinda chala, mboni ziwiri nazonso, aliyense atenge pepala lake. Malipiro a matumba operekedwa pokolola mu Meyi kapena Juni amatheka msanga kusiyana ndi ndalama zofunidwa mu Febuluwale, pamene nkhokwe zili pululu.

Za malire

Malire a m'munda sasuntha tsiku limodzi. Wolima ndi ng'ombe akamatembenuza pulawo amadyako mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, ndipo pakatha zaka zisanu mamita angapo apita. Mukaona mzere woyamba wadyedwa, lankhulani chaka chomwecho. Musazule mbewu zimene mnzanu wabzala pamalo okanganirana, ngakhale malowo ali anudi, popeza kumeneko ndi kuwononga katundu.

Pa malo a mafumu, woweruza woyamba ndi a nyakwawa pamodzi ndi akuluakulu amene analipo pogawa mundawo. Apempheni ayende nanu m'malire, osangoweruza atakhala pansi pa mtengo. Chulu, mtengo waukulu ndi mwala ndi zizindikiro zabwino, koma kanjira ndi kamtsinje zimasuntha. Malire akadziwika, bzalani khonje, nkhadze kapena udzu wa vetiva tsiku lomwelo nonse mukuona, ndipo siyani kampata ka mita imodzi kosalimidwa. A nyakwawa akalephera, nkhani imakwera kwa amfumu a dera, amene amaitana mbali zonse kudzera mwa akapaso, amithenga awo.

Pa ploti ya m'tauni nkhani ndi ya mapepala. Malo a taitolo, amene boma limabwereketsa kwa zaka 99, ali ndi mapu ndi mabikoni, zizindikiro za malire zoikidwa ndi asaveya oyeza malo. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu. Ngati mabikoni anakwiririka, itanani saveya wovomerezeka adzawapeze, ndipo ndi bwino kugawana mtengo wake ndi aneba kuti zotsatira asadzazikane. M'makomboni ambiri anthu ali ndi chilolezo chokhalira pamalo cha zaka 30 chochokera ku khonsolo, choncho kumeneko yambirani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ya mzinda wa Chipata. Mkangano wa malo a taitolo khoti la lokolo (khoti laling'ono la m'dera) siliweruza. Umapita ku Lands Tribunal, bwalo loweruza milandu ya malo, kapena ku khoti lalikulu. Ndipo musanaimike mpanda wa mabuloko, onetsetsani malire. Kugwetsa khoma lomangidwa kale kumawawa kuposa kulipira saveya.

Zina za m'komboni

Chimbudzi chokumba chizikhala mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndiponso kumunsi kwake. Pamene maploti ali ang'onoang'ono moti zimenezi sizitheka, itanani a zaumoyo a khonsolo adzaone musanayambe kukangana. Madzi ochapira ndi osambira akumbireni dzenje la miyala pa ploti yanu, asayenderere pakhomo pa wina. Nthambi za mango zolowa kwanu, pemphani mwini mtengo adule yekha kapena akhalepo podula.

Galu akaluma munthu, mkangano udikire. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mwini galu aonetse chikalata cha katemera wa chiwewe chochokera kwa a vetenale. Sungani malisiti onse, ndi amene mudzafunire malipiro.

Zikakanika: khoti la lokolo

Chigamulo cha a nyakwawa chili ndi ulemu, koma apolisi sangakakamize munthu kuchitsatira. Aneba akakana kulipira, pitani kwa kalaliki wa khoti la lokolo la kufupi ndi kwanu, fotokozani nkhani, lipirani ndalama ya samoni ndi kutenga lisiti. Mesenjala wa khoti ndi amene amakapereka samoni. Pa milandu yotere maloya saimira anthu m'khoti limeneli, mumadzilankhulira nokha m'chinenero chanu. Tengani zithunzi, chikalata cha alangizi, pepala la mgwirizano ngati lilipo, kalata ya a nyakwawa ndi mboni zanu. Ngati chigamulo sichinakukomereni, muli ndi masiku 30 ochita apilo ku khoti la majisitireti, ndipo a Legal Aid Board ku Chipata amathandiza amene alibe ndalama ya loya.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kudikira njira yonseyi. Ngati pali kumenyana, kuopseza ndi chikwanje kapena kutentha nyumba ndi nkhokwe, pitani kupolisi nthawi yomweyo. China ndi ufiti. Mkangano wa malire ukakhalitsa, mwana n'kudwala, pakamwa pamafulumira kutchula aneba. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo amene wanena mawuwo pagulu atha kumangidwa kapena kulipitsidwa chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, ngakhale pa nkhani ya malire ija akhale kuti ndiye anali wolondola.