Mmene ndinakonzera kawerengedwe ka mamailo pa msonkho wa olera ana ku UK

Vuto linaonekera podzaza fomu ya Self Assessment, imene anthu odzilemba okha ntchito amagwiritsa ntchito pouza HMRC, bungwe lotolera msonkho ku UK, ndalama zimene apeza ndi zimene awononga pa ntchito. Malisiti a mafuta analipo ambirimbiri, koma sankaonetsa kuti ndi mafuta angati anapita pa ntchito yolera ana. Kugawa ndalamazo pakati sikunathandize, chifukwa panalibe umboni wa magawidwewo. Pulogalamu ya pafoni yoyeza mtunda nayo inkasakaniza maulendo onse ndikaiwala kuizimitsa.

Ndinasiya za malisiti a mafuta n'kutsata mtengo wokhazikika wa HMRC pa mailo iliyonse. M'chaka cha msonkho cha 2024/25 unali 45p (mapeni 45, kapena £0.45) pa mailo iliyonse mpaka mamailo 10,000, kupitirira apo 25p. Mtengowu umaphatikiza mafuta, inshuwalansi ndi kukonzetsa galimoto, ndiye izi musaziwerengerenso. Ndalama zoimikira galimoto muli pa ntchito ndi zimene mumalemba padera. Dziwaninso kuti mukasankha njirayi mupitiriza nayo mpaka mutasintha galimoto.

Chimene chinathetsadi vutoli ndi kabuku kokhala m'galimoto momwemo, cholembera chili chomangirira. Musanatsike, lembani tsiku, kochokera, kopita, chifukwa cha ulendo, monga kukatenga ana kusukulu kapena kupita nawo kupaki, ndi manambala a mamailo a pa dashboard ponyamuka ndi pofika. Musadikire madzulo, chifukwa maulendo atatu amakhala atasanduka umodzi m'mutu. Ulendo wokagula za banja lanu usalowemo. Pa 6 Epulo lembani nambala yoyambira chaka cha msonkho, pa 5 Epulo chaka chotsatira yotsekera. Pa mtengo wa 45p uja, mamailo 2,000 a ntchito anali £900 yochotsa pa phindu lanu.

Kabukuko ndi malisiti a zinthu zina muzisunge zaka zosachepera zisanu kuchokera pa 31 Januwale, tsiku lomaliza lotumizira fomu ya chakacho.