Momwe mungachitire kuti ngongole zodutsa tsiku zizifiira zokha mu Excel

Ngati ndinu mlembi wa gulu la banki mkhonde, kapena muli ndi kagolosale komwe anthu amatengako katundu pa ngongole, mukudziwa kuti kulemba amene watenga si ntchito. Chovuta n'kuona msanga amene wadutsitsa tsiku lobweza. Mayina akapitirira 30, kuyendetsa chala mzere ndi mzere anthu akudikira kuti msonkhano uthe kumatopetsa, ndipo wina amakupulumukani ndithu. Excel ili ndi njira yoti mzere wa munthu wochedwa uzifiira wokha tsiku lake likangodutsa. Dzina lake ndi Conditional Formatting. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa buku la gulu lathu kuno ku Chitakale, ndipo zomwe ndilembe pano zimagwiranso mu Google Sheets, kusiyana kwake n'kochepa.

Zotsegula Excel n'kulemba mayina sindikuuzani. Tingogwirizana za makolamu, chifukwa fomula ikutsata zimenezi. A ndi dzina, B ndalama zomwe watenga, C tsiku lotenga, D tsiku loti abweze, E tsiku limene wabwezadi. Mzere woyamba ndi wa mitu, anthu akuyambira mzere wachiwiri. Kolamu E muziisiya yopanda kanthu mpaka munthu atamaliza ngongole yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Wobweza theka musamulembe mmenemo, mupezereni kolamu ina kutsogoloko.

Musanapitirire, onani kaye kuti Office yanu ndi yotani. Microsoft 365 amalipiritsa pamwezi kapena pachaka, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu ambiri timathamangira kwa anyamata oika Office yakuba pamtengo wozizira. Imagwira miyezi ingapo, kenako pamwamba pamatuluka uthenga woti ilibe layisensi, mabatani ambiri n'kuzilala osadinika, kuphatikizapo lomwe tikulifunali. Mukabwerera kwa mnyamata uja akuti muonjezere ina. Ngati yanu ili choncho, Google Sheets ndi yaulere koma imadya bandulo, pomwe LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo mukaiika kamodzi imagwira popanda intaneti.

Tsopano sankhani dera lonse lomwe mukufuna kuti lizisintha mtundu. Njira yachidule n'kupita pa kabokosi kakang'ono kamene kali pamwamba pa kolamu A, kamene kamaonetsa dzina la pomwe mwaima, mulembemo A2:F300 n'kudina Enter. Ikani mizere yambiri kuposa anthu omwe muli nawo lero kuti obwera m'tsogolo adzalowe okha. Chofunika n'chakuti kusankha kuyambire pa mzere 2, osati pa mitu. Mukayambira pa mzere 1 fomula ili ya mzere 2, mitundu yonse imatsetsereka ndi mzere umodzi, wofiira amakhala amene ali pamwamba pa wochedwa weniweni.

Pitani pa Home, Conditional Formatting, New Rule, musankhe chomaliza pa mndandandawo, chimene chalembedwa kuti Use a formula to determine which cells to format. M'kabokosi kolembamo ikani izi:

=AND(ISNUMBER($D2),$D2<TODAY(),$E2="")

Dinani Format, Fill, sankhani kufiira kosawala kwambiri kuti zilembo zizioneka, kenako OK kawiri. Mu Google Sheets ndi Format, Conditional formatting, Custom formula is, fomula yake yomweyo.

Fomulayi ikufunsa mafunso atatu ndipo onse ayenera kuvomera. Kodi mu D muli deti? Kodi detiyo ili m'mbuyo mwa lero? Kodi E ikadali yopanda kanthu? Funso loyambalo ena amalisiya, zotsatira zake mizere yonse ya pansi yomwe mulibe anthu imafiira psu, chifukwa kabokosi kopanda kanthu Excel imakawerenga ngati ziro, ndipo ziro ndi wochepa kuposa lero. Chizindikiro cha dola chili patsogolo pa D ndi E chikuuza Excel kuti pa kabokosi kalikonse ka mzerewo iziyang'ana makolamu awiri omwewo. Patsogolo pa 2 musaikepo dola. Mukaikapo, gulu lonse liziweruzidwa ndi tsiku la munthu woyamba.

Pali njira ina yomwe mungaione pa Highlight Cells Rules, ya A Date Occurring. Imeneyo isiyeni. Imangodziwa dzulo, sabata yatha, mwezi watha ndi zina zotero, ndipo siisiyanitsa wobweza ndi wosabweza.

Excel ikakana fomula, nthawi zambiri n'chimodzi mwa zitatu izi. Malaputopu ena ochokera ku Joni amabwera atatcheredwa pa South Africa, ndipo amenewo amafuna chizindikiro cha ; pomwe ine ndaika chizindikiro cha koma (,). Mukakopera fomula kuchokera pa WhatsApp kapena mu Word, timakoteshoni tiwiri ta kumapetoto timatha kupindika, ndiye tifufuteni mulembenso ndi dzanja. Chachitatu, mukadina mivi ya pa kiyibodi muli m'kabokosi ka fomula, Excel imangolowetsamo maina a timabokosi tina. Dinani F2 kaye, mivi iyamba kuyenda bwinobwino.

Apa ndiye pofunika mukhale pansi, chifukwa fomula ikhoza kukhala yolondola, mitundu n'kuoneka bwino, koma buku lonse likunama.

Ife timalemba tsiku, mwezi, chaka. Ku America amayamba mwezi. Laputopu yanga ndinagula yakale ku Limbe, wogulitsa anangoipukuta n'kuikamo Windows yotcheredwa pa United States osanena kanthu. Ndikalemba 05/11/2025 kutanthauza pa 5 Novembala, makina ankamva 11 Meyi. Choipa kwambiri n'chakuti pagalasi pankaonekabe 5/11/2025, ndiye diso lathu silingaone cholakwika. Mzere wa mayi wina amene anali ndi masabata angapo oti abweze unafiira tsiku lomwelo, ndipo dzina lawo linawerengedwa pagulu limodzi ndi oyenera kulipira chindapusa. Mayiwo sanakweze mawu. Anamasula kansalu, natulutsa kabuku kawo kopindika m'makona, naloza ndi chala.

"Alembi, taonani apa. Munalemba ndinu nomwe. Tsiku langa silinakwane."

Amenewo anadziteteza okha. Vuto lalikulu linali mbali inayo, ya anthu amene sanafiire. Deti ngati 20/10/2025 makina otcheredwa pa America sangaimve, poti mwezi wa 20 kulibe. Sakana, sachenjeza, amangoisunga ngati mawu wamba, chimodzimodzi dzina la munthu. Mawu safananizidwa ndi lero, choncho mzerewo sufiira ngakhale papite chaka. Mwachidule, deti iliyonse ya pa 1 mpaka pa 12 imatembenuzidwa, ya pa 13 mpaka pa 31 imasanduka mawu. Zopulumuka ndi zokhazo zomwe tsiku ndi mwezi n'zofanana, monga 10/10. Gulu lathu ambiri amadalira malipiro a ku esiteti ya tiyi, ndiye amakonda kuika tsiku lobweza chakumapeto kwa mwezi. Onsewo anali oyera mbee, ochedwa ndi osachedwa omwe, Disembala wogawana ndalama ali pafupi.

Kuti mumvetse, Excel siisunga deti monga mukuionera. Imasunga nambala ya masiku kuwerenga kuchokera pa 1 Januwale 1900, lomwe ndi nambala 1. Tsiku la 1 Januwale 2025 ndi 45658. TODAY() nayo imatulutsa nambala yotero, ndipo chomwe fomula ikuchita n'kuona nambala yaikulu ndi iti. Ndiye kuyesa kwake n'kosavuta. Sankhani kolamu D, pa Home musinthe pomwe palembedwa Date pakhale General. Deti zenizeni zisanduka manambala a madijiti asanu, zabodza zikhala mmene zinalili. Ngakhale osasintha kanthu, kulitsani kolamuyo muone: deti yeniyeni imatsamira kumanja, mawu amatsamira kumanzere, pokhapokha ngati wina anaziika pakati pofuna kukongoletsa.

Kukonza kwake yambani ndi makina. Mu Windows pitani ku Control Panel, Region, pa Format musankhe English ya United Kingdom, mutseke Excel n'kutsegulanso. Mu Google Sheets ndi File, Settings, Locale, United Kingdom, ndipo muli pomwepo onani kuti nthawi ili pa GMT+2, yathu ino. Koma dziwani kuti kusinthaku kukuthandiza zomwe mulembe kuyambira pano. Zakale sizikonzeka zokha, kungoti zija zotembenuzidwa ziyamba kuoneka poyera, 5 Novembala uja aoneka ngati 11/05/2025.

Sungani kope lina la fayiloyo musanaigwire. Kenako sankhani tebulo lonse, Data, Sort, musanje potsata kolamu D. Deti zenizeni zikwera pamwamba, zamawu zisonkhana pansi pamodzi. Sankhani zamawu zokhazo, Data, Text to Columns, Next, Next, pa tsamba lachitatu dinani Date musankhe DMY, Finish. Zilumphira kumanja nthawi yomweyo. Zimene zakana, kawirikawiri muli mpata wobisika kapena wina analemba zinthu ngati "20 Okutobala" kapena "kumapeto kwa mwezi", zomwe Excel siimva. Lembaninso.

Zotembenuzidwa zija zilibe njira yachidule imene ndingakulimbikitseni. Tengani buku la pamanja, kapena timabuku ta mamembala, mufananize imodziimodzi. Ngati panali alembi awiri pa makina awiri osiyana, zina zili bwino zina ayi, ndipo fomula iliyonse yotembenuza zonse pakamodzi iwononga zabwinozo. Khalani ndi msungichuma, wina aziwerenga wina azikonza. Buku la pamanja musalitaye chifukwa choti mwagula laputopu.

Mukamaliza, sankhani makolamu C, D ndi E, dinani Ctrl ndi 1, Custom, mulembe dd-mmm-yyyy. Deti ziyamba kuoneka chonchi: 05-Nov-2025. Mwezi ukakhala m'zilembo palibenso kukangana. Polemba muzizolowera 5 Nov 2025, ndipo tsiku la lero limalowa lokha mukadina Ctrl ndi ; pamodzi, zomwe zimathandiza munthu akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mukufuna kungotseka mzere wake msanga. Ine ndinaonjezeranso lamulo lina longogwira deti zabodza, la mtundu wotuwa:

=AND($D2<>"",NOT(ISNUMBER($D2)))

Mzere ukatuwa ndiye kuti deti yake sinalowe bwino. Kwa ine lamulo limeneli n'lofunika kuposa lofiira lija.

Chinanso cha malaputopu akalewa ndi wotchi. TODAY() mu Excel imatenga tsiku kuchokera pa wotchi ya kompyuta. Mkati mwa makina muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha, ndipo batire lalikulu nalo ndi lakufa monga ambiri ogula m'misikamu, magetsi akangothima wotchi imabwerera zaka zingapo m'mbuyo. Mukatsegula buku mupeza palibe wochedwa ndi mmodzi yemwe. Muziyang'ana deti pakona ya kumanja pansi musanayambe, kapena ikani =TODAY() pa kabokosi kena pamwamba pa tebulo kuti izikuyang'anani. Kabatireko n'kotchipa, koma ta m'mapaketi osadziwika togulitsa pansi tija sitikhalitsa, ndipo malaputopu ena amafuna kokhala ndi tiwaya take, ndiye pitani ndi makinawo kwa okonza.

Zotsalazi n'zofulumira. Kuti muziona amene tsiku lawo layandikira, bwerezani njira yomwe ija ndi mtundu wachikasu:

=AND(ISNUMBER($D2),$D2>=TODAY(),$D2<=TODAY()+7,$E2="")

7 ameneyo musinthe malinga ndi mmene mumakumanirana. Ngati malamulo a gulu lanu amapereka masiku atatu achisomo, mu fomula yofiira ija lembani $D2+3<TODAY(). Munthu amene tsiku lake ndi lero safiira mpaka mawa, mukafuna afiire lero lomwe ikani <= m'malo mwa <.

Masiku amene munthu wachedwa, mu F2 lembani =IF(AND(ISNUMBER(D2),D2<TODAY(),E2=""),TODAY()-D2,"") n'kukokera pansi. Ikatulutsa deti yachilendo ya 1900 sinthani kolamuyo ikhale General. Kolamu imeneyi imathandiza mukakasindikiza, poti mapulinta ambiri a pa boma ndi a inki yakuda yokha, kufiira ndi chikasu zonse zimatuluka zotuwa, ndipo kusindikiza kwa mitundu amatchaja mowirikiza. Chiwerengero cha ochedwa onse ndi =COUNTIFS(D2:D300,"<"&TODAY(),E2:E300,"").

Mzere ukakana kufiira pomwe zonse zili bwino, dinani pa E yake n'kudina Delete, mwina wina anagunda mpata mmenemo. Pokopera zinthu kuchokera ku fayilo ina gwiritsani Paste Special, Values, apo ayi malamulo amaswekasweka mpaka mu Manage Rules mudzapeza mndandanda wautali wa zinthu zofanana. Zikatero fufutani onse, musiye atatu, mukonze Applies to ibwerere pa A2 mpaka F300. Pafoni mitunduyi imaoneka, koma kuikonza n'kosavuta pa kompyuta. Ndipo chithunzi cha tsamba lofiiralo musachiponye pa gulu la WhatsApp la mudzi wonse, sefani ndi Filter by Color muuze eni ake okha.